Nsungwi Khumi ndi Ziwiri ndi Kota

Panali munthu wina kumapiri uko, mlimi wa manachesi, amene sankatha kulemba dzina lake koma poyeza munda sankaphonya. Choyezera chake chinali nsungwi imodzi youma, yotalika masitepe anayi. Anaiwotcha ndi chitsulo chamoto m'malo atatu kuti igawike panayi, ndipo chigawo chimodzi ankachitcha kota. Akabzala mtengo, ankagoneka nsungwiyo pansi kamodzi n'kubzala wina. Minda yake yonse inali ya mbali zinayi zofanana: mizere ikakhala khumi, mumzere uliwonse mitengo khumi. Ankati ukaima pangodya ya munda wotere umaona msanga pamene mtengo wafa.

Mkazi wake anali wachitengwa. Anakamutenga kwawo, kutsidya kwa mitsinje iwiri, n'kudzakhala naye pamalo a makolo a mwamunayo. Zaka makumi atatu ndi zinayi mayiyo anakhala pamudzipo. Anabereka pomwepo, ana ake awiri anawaika m'manda pomwepo, koma dothi la pamenepo silinali lake, ndipo silinali la ana ake. Anthu ankamuitana kuti aNangozo. Akafuna kumukumbutsa kuti ndi mlendo, ankati mtengwa uja.

Ana amene anakula anali awiri, onse aamuna. Wamkulu, Alubano, anapita patali ndi sukulu ndipo ankagwira ntchito ya muofesi kutauni. Wamng'ono, Zakeyo, analekera Sitandade 6. Anakwatira kuseri kwa phiri, nakhala mkamwini kumeneko, koma Loweruka lililonse ankapalasa njinga kudzagwira ntchito ndi bambo ake.

Masamu amene Zakeyo ankadziwa anawaphunzira m'munda. Bambo ake anali ndi nambala zimene ankazitcha zodzaza, zija zimene zimadzaza munda wa mbali zofanana popanda mtengo wotsala: 4, 9, 16, 25, 36, mpaka 400. Ankazidziwa pamtima ngati mayina a abale awo. Nambala zina zonse ankati n'zapakati, ndipo iliyonse ili ndi anansi awiri odzaza, wina kumunsi, wina kumtunda.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa m'mudzi momwemo nati, "Ndapeza mbande 40. Ndilambule malo aakulu bwanji?"

Bambowo anati, "Nambala yanuyi si yodzaza. Tifunse anansi ake. Wakumunsi ndi 36, mizere isanu ndi umodzi. Wakumtunda ndi 49, mizere isanu ndi iwiri. Kuchoka pa 36 kufika pa 49 pali mtunda wa 13, ndipo 40 yayendapo zinayi zokha. Ndiye yatsamira kumunsi. Lambulani nsungwi zisanu ndi imodzi, muwonjezere kota ndi pang'ono, mbali zonse."

"Nanga ndendende ndi zingati?"

"Ndendende ilipo, koma ine sinditha kuipeza. Mitambo mwaiona? Kalambuleni."

Zakeyo anamva mawu otere kambirimbiri, mpaka anamulowa m'mutu.

Chaka china bambowo anayamba kudwala chifuwa chosatha. Asanagonere anamezanitsa mbande zomaliza, 150, n'kuzindandalika m'machubu kuseri kwa nyumba. Ataona kuti miyendo ikukana, anaitanitsa mng'ono wawo, a Meleka, amene anali mwinimbumba pamalopo. Anaitanitsanso mboni ziwiri, amayi achikulire a pachibale. Anakhala pakhonde masana, mkazi wawo ali pambali, Zakeyo ali pamasitepe.

Anati, "Meleka, mlamu wakoyu sadzabwerera kwawo. Kwawo kulibenso womudziwa. Mbande zili kuseriko ndi 150, ndi zake. Umupatse malo a mitengo 150, kuyambira pangodya ya pachulu, paja mpanda wa khonje ukumana ndi njira yakale. Mbali zinayi zofanana, monga ndichitira ine."

A Meleka anati, "Ndamva, achimwene."

Kenako bambowo anatembenukira kwa mkazi wawo nati, "Mukabzala ndi mvula ino, chaka chachitatu mudya."

Anamwalira mu Seputembala. Maliro anali aakulu. Anthu analira mokwanira, oyimba anayimba mpaka mawu anasasa, ndipo pamanda panalankhulidwa zabwino zokhazokha. Pobalalika, mmodzimmodzi ankagwira aNangozo chanza n'kunena kuti, "Tili nanu limodzi."

Atameta, abale anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti akwaniritse mawu a malemu. A Meleka sanakane kanthu. Anangoti pali povuta pang'ono.

"Ine ndayesa ndi timiyala," iwo anatero. "Ndikapanga mizere 12, ikulowa mitengo 144, isanu ndi umodzi ikutsala panja. Ndikapanga mizere 13, akufunika malo a mitengo 169, ndipo malemu sanatchule 169. Nambala imene anasiyayi siikukhala. Paja munthu anali akudwala. Koma ine sindifuna kulimbana ndi wakufa. Alamu atenge mizere 12, nkhani ithe."

Alubano anaimirira. Anali atavala jekete lakuda la pamaliro lija. Anati mayi ake sangaberedwe iye akuona, ndipo ngati pali kupatsa, apatsidwe mizere 13. A Meleka anati 13 ndi kuba. Alubano anati 12 ndi kubanso. Atakangana kwa kanthawi, Alubano anatulutsa foni nati masamu sanama, aweruze ndi masamu. Anadinadina n'kuwerenga mokweza kuti, "12, kadontho, 2, 4, 7, 4, 4, 8, 7..." Anapitiriza mpaka pamene galasi la foni linathera.

"Yathera pomwepo?" anafunsa a Meleka.

"Siitha. Nambala imeneyi ilibe mapeto."

"Ndiye achimwene anasiya munda wopanda mapeto?"

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa pamaliro. Zakeyo anali atakhala kumbuyo, panjinga yake. Yankho linali litamufika kale pakamwa, a Meleka asanamalize za timiyala tija. Anakweza dzanja nati, "Bambo akanakhala pano akanati tifunse anansi a nambalayo. Pakati pa 144 ndi..."

"Iwe," anatero Alubano, osatembenuka n'komwe, "awa si masamu a Sitandade 6. Nkhani ya malo siyendera zongoyerekeza."

Apa anthu anaseka momasuka. Zakeyo anatsitsa dzanja. Anayang'ana jekete la mkulu wake, anayang'ana zikhatho zake zong'ambika, nadziuza kuti mwina n'zoona, zinthu za m'munda n'za m'munda, apa pakufunika ophunzira.

Anagwirizana chonchi: Alubano akapeze anthu oyeza malo ndi makina, adzayeze ndendende, pasadzakhale wonena kuti anaberedwa. Kufikira tsiku limenelo, pasapezeke wokumba dzenje pamalopo. Onse anati ndi chigamulo chanzeru. ANangozo sanafunsidwe, poti mtengwa salankhula za dothi la eni ake.

Mvula inabwera mu Disembala, yabwino, yolowa pansi. Oyeza sanabwere. A Meleka anati munda usagonere chabe, anabzalamo chimanga ndi nandolo, kungosungira.

Mbande yomezanitsa imafuna kutuluka m'chubu nthawi yake ikakwana. Ikakhalitsa, mizu imazungulira m'katimo n'kudzimanga yokha, ndipo madzi amene wathira m'mawa pofika masana atha. Mvula itasiya, aNangozo anayamba kutunga. Mtsinje unali kunsi kwa chitunda. Ankatsika ndi ndowa kasanu ndi kamodzi patsiku. Pofika Ogasiti mtsinje unaphwa, ndipo ankafukula mchenga ndi mbale n'kudikira kuti madzi asonkhane.

Alubano ankaimba foni pa mapeto a mwezi. "Nkhani ija ndikuiyendetsa, amayi. Woyeza amene ndinamupeza uja wasamutsidwa. Mwezi wamawa." Amayi a kumpingo anabwera kamodzi, anapemphera, anapita. Aja anati tili nanu limodzi ankapereka moni ali panjira, akuona ndowa pamutu, n'kunena kuti, "Mukulimba, aNangozo." Palibe anali ndi nkhanza. Aliyense ankangodikira kuti zinthu zidziwike bwinobwino.

Zakeyo ankabwera Loweruka. Ankatunga ndowa khumi, n'kukonza mthunzi wa udzu pamwamba pa mbande, n'kubwerera kuseri kwa phiri. Akamadutsa pachulu paja ankayang'ana kumbali. Nayenso anali mmodzi wa odikira. Kusiyana kwake kunali kwakuti iye yankho ankalidziwa.

Chaka chitatha, mu Novembala, abale anasonkhananso pa chikumbutso cha malemu. Anapha mbuzi. Atadya anakhala pansi pa mango paja. Alubano anati oyeza atanganidwa, koma mvula ikadzatha adzabwera ndithu. A Meleka anati palibe chothamangira, malo sathawa. Mizere ya chaka chino anali atagalauza kale. Anagwirizana kudikira.

M'mawa mwake, alendo akumwa tiyi, Zakeyo anazungulira kuseri kwa nyumba. Anapeza mayi ake atawerama pa mbande, akuthira madzi ndi chikho, chubu ndi chubu. Anaima n'kumawayang'ana. Anaona akuthira pa kamtengo kouma, kopanda tsamba ngakhale limodzi. Anapita pa kena kouma, anathiranso. Masiku onse aja iye ankangothira ndowa mofulumira, maso ali kwina, osafuna kuwerenga. Tsopano anaona kuti zouma zinali zambiri, zoikidwa mosamala pakati pa zamoyo kuti zisaonekere patali.

"Amayi, imeneyo inafa."

"Ndikudziwa."

"Nanga mukuthiriranji?"

Mayi ake anawongoka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Anatsokomola, kenako anati, "Bambo ako anati 150. Oyeza aja akadzabwera n'kupeza zachepa, adzati malonso achepe. Dothi likakhala lonyowa mwina adzati zangoyoyola masamba."

Zakeyo anatembenuka. Anapita kukhonde, anatambasula dzanja kudenga, nasolola nsungwi ya bambo ake pamene inakhala chaka chonse. Inali ndi fumbi ndi ukonde wa kangaude. Anaipukuta ndi malaya. Anadula zikhomo zinayi, anatenga chingwe ndi nkhwangwa, nalunjika kuchulu.

Chikhomo choyamba anakhoma pangodya, pamene khonje akumana ndi njira yakale. Kenako anagoneka nsungwi motsata mpanda wa khonje, nayamba kuwerenga mokweza monga ankachitira bambo ake. Imodzi. Ziwiri. Zitatu. Ankaponda pamizere ya a Meleka osaikwepa. Pofika pa zisanu ndi ziwiri, anthu anali atatuluka ndi makapu m'manja.

A Meleka anafika akumanga lamba. "Mwana iwe, wakutuma ndani?"

"Bambo, tsiku lija pakhonde. Inu munalipo."

"Dzulo lomweli tinagwirizana chiyani?"

"Zisanu ndi zinayi," anatero Zakeyo. "Khumi."

Atafika pa khumi ndi ziwiri anagoneka nsungwiyo kachikena, naika chala pa chizindikiro choyamba cha moto. Pamenepo anakhoma chikhomo chachiwiri. Ndiye anawongoka nalankhula, osati kwa a Meleka okha koma kwa onse amene anaima pamenepo.

"Nambala ya bambo si yodzaza. Ili ndi anansi awiri. Wakumunsi ndi 144, mizere 12, ndipo ameneyo wachepa. Wakumtunda ndi 169, mizere 13, ameneyo wachuluka. Zimenezi munazinena nokha chaka chatha, bambo aang'ono, ndi timiyala tanu. Munangolekera panjira. Kuchoka pa 144 kufika pa 169 pali mtunda wa 25. Ife tayendapo zisanu ndi chimodzi. Zisanu ndi chimodzi pa 25 ndi pafupifupi kota. Nsungwi khumi ndi ziwiri ndi kota. Mbali zonse."

Alubano anali atafika, atavala masilipasi. Anati, "Ndinakuuza kale, Zakeyo. Zimenezo n'zongoyerekeza. Si yankho lenileni."

"Inde, achimwene, n'zoyerekeza. Ndaphonya, sindikukana. Tulutsani foni ija mundiuze kuti ndaphonya ndi mtunda wotani."

Alubano anatulutsa foni. Anafunsa kutalika kwa nsungwi, anauzidwa kuti masitepe anayi, nati tingoti mamita anayi. Anadinadina. Anaima. Anafufuta, nayambiranso. Anthu anadikira. Kumbuyo kwina mbuzi inalira.

"Sentimita imodzi," anatero, motsitsa mawu.

"Ine sentimita ndinaiiwala. Paja ndinalekera Sitandade 6. Ndionetseni."

Alubano anazengereza, kenako anakweza chala chamkombaphala, nagwira chikhadabo chake m'mbali ndi m'mbali.

"Chikhadabo chimenecho," anatero Zakeyo.

"Eya."

"Ndapereweza kapena ndapitiriza?"

"Wapitiriza."

Zakeyo anagwada, anagwedeza chikhomo chija mpaka chinazuka. Anaika chala chake pansi, m'mbali mwa bowo, nakhomanso chikhomocho m'kati mwa chalacho. Anamenya ndi nkhwangwa katatu. Atatero anayang'ana a Meleka nati, "Bambo aang'ono, chikhadabo chanu ndi icho. Ndabweza."

Palibe anaseka. A Meleka anayang'ana uku ndi uku, kufuna wina woti awalankhulire. Mmodzi wa mboni zija, mayi wokalamba amene anakhala chete chaka chonse, anakhuthula tiyi wotsala pansi nati, "Mawu a malemu ndi omwewo. Akwana."

"Nanga mizere yangayi? Ndagalauza kale ine," anatero a Meleka.

ANangozo anali ataima kumbuyo kwa onse, chikho chikadali m'manja. Anati, "Alamu, chimanga cha chaka chatha munakolola pomwepa. Sitinafunse."

A Meleka anatembenuka napita kwawo.

Zakeyo anayezanso motsata njira yakale, nsungwi khumi ndi ziwiri ndi kota, nakhoma chikhomo chachitatu. Anadula zingwe ziwiri za muyeso womwewo, china anamanga pa chikhomo chachiwiri, china pa chachitatu, nazikoka mpaka nsonga zake zinakumana. Pamenepo anakhoma chachinayi. Nsonga ya chingwe china anagwira Alubano, popanda womupempha. Ntchito yonse inatha tiyi asanazizire m'ketulo.

Mvula itagwa, Zakeyo anakumba maenje, mizere 12, mumzere uliwonse 12. Kumbali ziwiri zoyang'anana ndi munda wa a Meleka kunatsala kampata ka kota ija, sitepe imodzi m'lifupi. Mayi ake anayenda m'kampatako kuchoka pa chikhomo kufika pa chinzake, anakhota, nafika kunjira yakale. Atabwerera anati, "Bambo ako ankadziwa. Kota imeneyi ndi njira yanga, kuti ndisamaponde m'munda mwa alamu. Zisanu ndi imodzi zapamwamba zija zinali zobwezera pamene pafa. Nthawi zonse ankatero."

Kenako anapita kuseri kwa nyumba kukasankha mbande. Zamoyo ankaika kumanja, zouma kumanzere. Ankakanda khungwa ndi chikhadabo, likaoneka lobiriwira ndiye yamoyo. Zamoyo zinapezeka 97.

Malemu anawerengera imfa zisanu ndi imodzi. Zinafa 53.

Anabzala zimene zinalipo. Maenje 47 anatsala pululu. Zakeyo anafuna kuwakwirira, koma mayi ake anati awasiye, adzamezanitsa zina. Munthu akaima pangodya ya pachulu ankaona msanga pamene palibe mtengo, monga ankanenera mwini nsungwi.

ANangozo anausamala mundawo. Ankapalira m'tsinde, ankaphimbira ndi udzu, ankathamangitsa mbuzi, akuyenda m'kanjira kawo ka sitepe imodzi. Koma chifuwa chimene chinayamba chilimwe cha ndowa chija sichinawasiye. Mitengo inakula, inafika m'chiuno, inafika m'mapewa. Chaka chachitatu chibzalire, mu Seputembala, inachita maluwa oyamba, oyera, ndipo fungo lake linkafika mpaka pakhonde. Mayiwo anapempha kuti mphasa yawo aiyale panja. Anamwalira sabata yomweyo.

Akanabzala ndi mvula imene anatchula mwamuna wawo, maluwa amenewo akanakhala achiwiri, ndipo zipatso zoyamba akanadya.

Maliro anali aakulu. Pamanda panalankhulidwa zabwino zokhazokha. Manachesi anapsa mu Meyi. Abale anabwera kudzaona munda, anathyola, anasenda, nati ndi okoma kwambiri, malemu onse awiri anali ndi dzanja labwino. Zakeyo anaima pa chikhomo chachiwiri chija n'kumawayang'ana akulavula njere. Iye sanadye.

Tsono inu amene mwamva fanizoli, musafunefune a Meleka pakati panu, ngati kuti mukawapeza ndiye inu mwayera. A Meleka anadya chimanga cha chaka chimodzi. Amene anadya chaka chenichenicho ndi odikira, ndipo mmodzi wa iwo ankadziwa yankho.

Ndimawadziwa mawu amene mumanena mnzanu akamwalira, ndawamva ndi makutu anga. Sitinkadziwa kuti adwala chonchi. Tinkadikira timve bwinobwino chimene chikufunika. Tinkaopa kulowerera nkhani ya eni ake tisanaimvetse. Zoona, ndendende simunkaidziwa, ndipo simudzaidziwa, chifukwa ina ilibe mapeto. Koma anansi ake munkawadziwa. Munkadziwa kuti moni wa panjira wachepa. Munkadziwa kuti kusiya nyumba yanu kukakhala naye simungathe. Pakati pa ziwirizi panali ndowa imodzi ya madzi, panali kukamuona Lachitatu lililonse, panali kutsegula pakamwa pansi pa mango anthu akuseka. Zimenezo simunaziyeze. Munasunga mphamvu zanu kuti mudzanyamule bokosi.

Pali wina lero amene akuthirira mbande zouma kuseri kwa nyumba, ndipo dzina lake mukulidziwa. Musadikire oyeza. Pezani chimene chachepa, pezani chimene chachuluka, muone kumene mwatsamira, mukhome chikhomo iye akadali ndi maso oti achione. Mudzaphonya, inde. Mudzaphonya ndi chikhadabo, ndipo chikhomo chimazuka n'kukhomedwanso. Mvula ya chaka chija palibe amene anaibweza.